Manja Pafupi ndi Chiwongolero

Ntchito yanga ya ku Pretoria North inali yosamala agogo ena achizungu, mayi wamasiye wovutika miyendo, m'mudzi wa okalamba wozunguliridwa ndi mpanda wa magetsi. Tinkautcha mudzi chifukwa eni ake ankautcha choncho, koma munali nyumba zofanana, misewu ya tala yopanda dzenje, kachipatala, holo ndi kasitolo pakati. Kuchokera pageti kukafika kunyumba ya Agogo unali mtunda woti munthu atuluke thukuta.

Achimwene anga ndi amene ankayendetsa minibasi ya m'mudzimo. Anafika ku Joni ine ndisanabwere, ndipo ndiwo anandipezera ntchitoyo. Tinkachita lendi tizipinda tiwiri kuseri kwa nyumba ina ku Capital Park, iwo kawo ine kanga, mpopi umodzi. Kwathu ku Balaka ankayendetsa lole ya thonje, ndipo kumeneko anasiya mkazi ndi ana. Kunyumba anali munthu wa mawu ochepa, koma akakhala pachiwongolero pakamwa pankamasuka. Okalamba onse ankawadziwa bwino: uyu amafuna kutsikira pakhomo penipeni, uyu samva khutu lamanzere, uyu akapanda kutuluka tsiku logula zinthu ndiye kuti wadwala, pakufunika kukagogoda. Mvula ikagwa ankaima n'kutinyamula ife antchito, ngakhale kuti lamulo la m'mudzimo silinkalola.

Tsiku lina kunaitanidwa msonkhano kuholo, ndipo ndinaperekeza Agogo. Kutsogolo kunaima achinyamata a kampani ina, ovala malaya ofanana. Panja anaimika kabasi koyera kokhala ndi makamera padenga ndi m'mbali. Anati kabasiko kamadziyendetsa kokha. M'misewu ya boma sikanaloledwe, koma misewu ya m'kati mwa mpanda ndi ya eni mudzi, choncho akufuna kukayesera momwemo. Kabasiko sikatopa, anatero, sikamwa mowa, sikadwala, sikapita kumaliro. Okalamba ena anaseka pamenepo. Achimwene anali ataima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kapusi ili m'manja.

Madzulo ake ndinawapeza atakhala pakhonde akutsuka nsapato.

"Ndiye ntchito yatha?" ndinawafunsa.

"Akuti siinathe. Akuti m'kabasimo muzikhala munthu wa laisensi."

"Muzichita chiyani?"

"Kukhala. Manja pafupi ndi chiwongolero, koma osachigwira. Phazi pafupi ndi buleki, koma osaponda. Maso kumsewu. Pali kakamera kena koyang'ana nkhope yanga."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, chemwali."

Malipiro anawatsitsa, poti amati sikulinso kuyendetsa. Achimwene sanatsutse. Pemiti yawo inali yomangirira pa ntchito yomweyo, ndipo tonse tinkadziwa anthu a m'tchalitchi mwathu amene ankagona pansi m'zipinda za anzawo chifukwa chosowa ganyu.

Ulendo woyamba umene ndinakwera ndi Agogo ndinachita mantha. Chiwongolero chinkazungulira chokha, Achimwene atatambasula manja m'mbali mwake ngati munthu wowotha moto. Agogo anasangalala. Iwo anawalanda laisensi maso atayamba kufooka, ndipo nkhaniyo inkawawawa. Anandiuza kuti zikafika m'misewu yonse, munthu wokalamba sadzapemphanso chilolezo kwa ana ake kuti apite kumanda a mwamuna wake. Sindinawatsutse, chifukwa zinali zoona.

Koma ife antchito tinaona zina. Chitseko cha kabasi chinkatseguka ndi khadi, ndipo makhadi anapatsidwa kwa okalamba okha. Ndikakhala ndekha, mvula kaya dzuwa, kankandidutsa mwakachetechete, Achimwene akundiyang'ana pagalasi osatha kuima. Kankaima pamalo olembedwa utoto wachikasu basi. Wokalamba akachedwa kutseka chitseko cha nyumba yake, kankadikira pang'ono n'kunyamuka, iye akukweza ndodo kumbuyo. Macheza a m'minibasi aja anatha. Achimwene akatembenuka kuti ayankhe moni, kakamera kaja kankalira.

Nkhani inafika mpaka m'matakisi, maminibasi a ku Joni. Tsiku lina ndikubwerera kunyumba, dalaivala atamva komwe ndimagwira ntchito anandifunsa ngati zili zoona. Nditavomera anagwedeza mutu. "Eish, kabwere kwathu ku Soshanguve tidzakaone. Maroboti akazima kazidzafunsa ndani?" Anthu anaseka, koma mayi wina amene anakhala pambali panga sanaseke. Anati mwamuna wake, mchimwene wake ndi mwana wake onse amadya za chiwongolero.

Miyezi yoyamba kabasi kanali kamantha. Pepala la pulasitiki likauluka, kankaima dzidzidzi. Nkhanga zikadutsa, mthunzi wa nthambi ukagwedezeka, madzi othirira kapinga akathovokera mumsewu, chimodzimodzi. Okalamba ankagwedezeka m'mipando, ndipo agogo ena aamuna anagunda mphumi pachitsulo. Madandaulo atachuluka, a kampani anabwera ndi malaputopu awo, nakhala m'kabasimo masana onse. Kuyambira pamenepo kanayamba kuyenda mosalala. Aliyense anayamikira, ngakhale ine.

Amene ankasintha anali Achimwene. Ankabwera kunyumba atatopa kuposa nthawi imene ankayendetsa. Anandionetsa pantchafu pamene ankadzitsina kuti asasinze. Ankatafuna jinja, ankaimba nyimbo za kwaya chamumtima. Poyamba ankagwira chiwongolero akaona chokayikitsa, koma akangogwira, foni inkalira kuchokera kukampani. Ankafunsidwa chifukwa chake, n'kuuzidwa mwaulemu kuti kabasi kanali kataona kale, ndipo kugwiragwira kukuwononga mbiri ya kuyesa kwawo. Pang'onopang'ono anaphunzira kusagwira.

"Ndikamayendetsa, msewu umandilowa m'manja," anandiuza tsiku lina. "Pano ndimangouonera ngati kanema. Nthawi zina ndimadzidzimuka tafika kuholo, osakumbuka kuti tadutsa pati."

M'mudzimo munkagwiranso ntchito abambo ena a ku Ntcheu, osamala maluwa ndi kapinga. Anali achikulire, mkulu wa mpingo m'tchalitchi mwathu, ndipo anakhala ku Joni kuyambira ali mnyamata. Nyumba yawo inali ku Soshanguve. Akazi awo anabadwira komweko kwa makolo ochokera kwathu, moti Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chipedi. Abambowa ankakondana ndi Achimwene. Pa nthawi ya nkhomaliro ankakhala limodzi kuseri kwa shedi ya zipangizo, akugawana buledi ndi kukambirana za mvula ya kumudzi. Kabasi sankakakonda.

"Ukafuna kuwoloka msewu umayang'ana dalaivala, iye n'kukuyang'ana, mwagwirizana," anatero tsiku lina ine ndili pomwepo. "Nanga aka ndiyang'ane pati?"

"Muziyang'ana ine, Abambo," Achimwene anayankha. "Ndimakhalamo."

Ngozi inachitika m'mawa wina wa Okutobala, jakaranda atayoyola maluwa misewu yonse. Ndinkaperekeza Agogo kukachipatala kuti akayezetse magazi. Tinakhala pampando wa kumbuyo kwa Achimwene, ndipo munalibenso wina. Tikuyandikira pokhota pa holo, ndinaona matumba akuda a zinyalala ataunjikidwa m'mphepete mwa msewu. Pakati pa matumbawo panagwada abambo a ku Ntcheu, atavala ovololo yawo yobiriwira, akukonza kampopi kothirira kapinga. Msana unali kumsewu.

Nthawi yomweyo ndodo ya Agogo inatsetsereka, n'kugubuduzika mpaka pansi pa mpando wa Achimwene, cha kumapazi. Agogo anawaitana. Ine ndinawerama kuti nditole, koma dzanja langa silinafike. Achimwene anatembenuka, naweramira pansi. Kakamera kanayamba kulira. Nditadzutsa mutu ndinaona abambo aja akudzuka chobwerera m'mbuyo, akukoka thumba, phazi limodzi lili kale pa tala. Kabasi sikanachepetse liwiro. Sikankathamanga, koma kanali kolemera. Ndinakuwa. Achimwene anaponda buleki tayala litakwera kale.

Phokoso lake silinali lalikulu. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mawu a mkazi ochokera m'sipika ya kabasi, odekha, akutipempha m'Chingerezi kuti tikhale m'mipando mwathu. Chitseko chinakana kutseguka mpaka Achimwene atakoka chogwirira chofiira. Anagwada pa tala, nanyamula mutu wa abambo aja n'kuuika pamiyendo pawo. Mwendo wamanja unali pansi pa tayala. Abambowo sanalire. Ankangofunsa kuti, "Ndani atseke madzi? Madzi akutayika." Kampopi kaja kankawaza madzi pa onse awiri mpaka ambulansi inafika.

Patapita masiku angapo anatiitana ku ofesi ya mudzi, mmodzimmodzi. Ine ndinalowa Achimwene atatuluka. Munali woyang'anira mudzi, mayi wina wa kampani ndi bambo wa suti amene sanandiuze kuti ndi ndani. Anandipatsa madzi, natembenuza laputopu kuti ndione. Sanandionetse msewu. Anandionetsa nkhope ya Achimwene, yayikulu kudzaza sikirini yonse: maso ali kutsogolo, kenako akutembenuka, kenako mpando wopanda munthu.

"Pa nthawi imeneyi ankayang'ana msewu?" anafunsa wa suti uja.

"Ankatola ndodo ya Agogo. Inalowa kumapazi, pafupi ndi buleki."

"Tamva. Koma ankayang'ana msewu?"

"Ayi."

"Zikomo."

Ndinafunsa ngati kabasi kanawaona abambo aja. Mayi wa kampani anayang'ana wa suti, kenako anayankha motsitsa mawu. Anati kanaona chinthu, koma kanachiwerengera pamodzi ndi matumba. Munthu wogwada, wosasuntha, pakati pa zinyalala za m'dimba, kanali kasanaphunzire bwino kumusiyanitsa. Atadzuka, kanatenga kanthawi kuti kasinthe maganizo. "N'chifukwa chake timaikamo munthu," anatero. Maso ake anali ofiira, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhaniyo inkamupweteka. Ndinafuna kufunsa za tsiku lija a kampani anabwera kudzachotsa mantha a kabasi, koma wa suti anali ataimirira kale kuti anditsegulire chitseko.

Agogo anavuta kuti nawonso akalankhule. Ndinawaveka diresi lawo la kutchalitchi, tinapita wapansi pang'onopang'ono. Anauza anthu aja kuti ndodo inali yawo, woitana anali iwo, ndipo munthu amene akanasiya ndodo ikugubuduzika pafupi ndi buleki ndiye akanakhala chitsiru. Anawamvetsera mwaulemu, nawapatsa tiyi. Titatuluka ndinamva woyang'anira mudzi akuuza wa suti kuti Agogo masiku ano amaiwalaiwala. Madzulo mwana wa Agogo anaimba foni kuwauza kuti asalowerere nkhani za ma inshuwalansi.

Achimwene anachotsedwa ntchito chifukwa chonyalanyaza udindo. Apolisi anabwera kamodzi, nafunsa mafunso, koma ankaoneka osokonezeka. Mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye ankayendetsa ndani?" Woyang'anira mudzi analoza Achimwene. Mlandu sunafike kukhoti, koma sunatsekedwenso. Unangokhala pamenepo, moti galimoto ya polisi ikadutsa mumsewu wathu ku Capital Park, Achimwene ankalowa m'chipinda.

Abambo a ku Ntcheu anawadula mwendo pamwamba pa bondo, ndipo chiuno chinamangidwa ndi zitsulo. Kutchalitchi nkhani inagawa anthu. Ena ankati Achimwene anagona pa ntchito. Ena ankati anagulitsa ulemu wa udalaivala pokhala chidole cha azungu, ndipo izi ndi zotsatira zake. Ena ankatimvera chisoni, koma chapatali. Lamulungu loyamba titalowa, benchi imene tinakhala inatsala ndi ife awiri. Mapemphero atatha, akazi a abambo aja anatipeza panja. Sanakweze mawu.

"Anandiuza kuti mnzawo ali m'kati mwa chinthucho, ndiye sakuopa," anatero akuyang'ana Achimwene. "Munali kuti?"

Achimwene anatembenuka, nauyamba ulendo wa kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupita kutchalitchi.

Anayesa kufuna ntchito ina. Mnzawo wina anawapezera ganyu yoyendetsa bakki, kagalimoto konyamula mipando. Anabwerako tsiku lomwelo masana, malaya atanyowa. Anati atafika pa roboti yoyamba, anthu akuwoloka, phazi linakana kuchoka pabuleki. Magalimoto akumbuyo ankaliza mahutala, iwo ali gwa, mpaka mwini bakki anawatsitsa. Munthu amene anatsika ndi lole yodzaza m'mapiri a kwathu mvula ikugwa anayamba kuyenda wapansi kulikonse. Masana ankakhala pakhonde, akuyang'ana khoma la aneba.

Kabasi kanakhala milungu ingapo mushedi, kenako kanatulukanso. Anati akaphunzitsa kuzindikira munthu wogwada. Antchito a m'dimba anapatsidwa majekete owala, ndi lamulo lakuti asagwire ntchito m'mphepete mwa msewu kabasi kakamayenda. Pampando paja panakhala mnyamata wina wa m'tchalitchi mwathu momwemo, wongokwatira kumene, mkazi wake ali woyembekezera. Anabwera kudzandipepesa asanayambe. Ndinamuuza kuti palibe chopepesa, mwana akubwera ayenera kudya. Agogo sanakwerenso. Anayamba kusatuluka m'nyumba, miyendo inafookeratu, ndipo chaka chisanathe ana awo anawasamutsira kunyumba ya odwala. Ine anandipatsa agogo ena a m'mudzi momwemo.

Abambo a ku Ntcheu atatuluka m'chipatala anatumiza uthenga kuti akufuna kuona Achimwene. Achimwene anazengereza sabata yathunthu. Potsiriza tinakwera sitima Loweruka m'mawa, tonse awiri, mpaka ku Soshanguve. Tinawapeza pabwalo, pachikuku, bulangete lili pamiyendo. Anali ataonda kwambiri. Akazi awo anatipatsa mipando osatipatsa moni, nalowa m'nyumba.

Achimwene anagwada pafumbi. "Abambo, ndinachotsa maso."

"Dzukani, mukudetsa thalauza."

"Ndinakuuzani kuti muziyang'ana ine."

"Munandiuza. Inenso ndinapereka msana kumsewu, chinthu chimene sindinachitepo muli pa minibasi." Anakokera bulangete m'mwamba. "Sindinakuitanireni zimenezo. Mtima wanga sunayere, ndisakunamizeni. Usiku mwendo umene kulibewu umandiwawa, ndipo ndimakutukwanani. Koma ndikufuna kupita kwathu."

Anafotokoza kuti kampani inawalipirira chipatala ndi kuwapatsa kangachepe, atasayina kuti nkhani yathera pomwepo. Ku Joni munthu wopanda mwendo alibe chochita, anatero, koma ku Ntcheu kuli mlongo wawo ndi kamunda. Akazi awo sakanatha kusiya ntchito ndi zidzukulu, ndipo Malawi sanamuonepo n'kamodzi komwe. Ana awo aamuna analibe mapasipoti. Ulendo wa basi ndi wautali, wodutsa m'mabodala, ndipo pankafunika munthu wamphamvu wowanyamula pokwera, potsika ndi popita kuchimbudzi.

"Amene ali ndi nthawi ndinu," anatero. "Ndipo muli ndi msana."

Amayi aja anali ataima pakhomo, akumva zonse. "Ndiye mukufuna akakumalizeni panjira?" anafunsa amuna awo.

"Sakayendetsa iwo. Akangondinyamula."

Achimwene anavomera asanadzuke pomwe anagwada. Pobwerera m'sitima tinadutsa Pretoria North. Apo ndi pamene anandiuza kuti pemiti yawo yatsala pang'ono kutha, ndipo akawoloka bodala sadzabwereranso. Anati firiji ndi bedi nditenge ine, ndipo kachipinda kawo ndiuze mwini nyumba apereke kwa wina.

Ananyamuka Lachisanu lina masana, pa siteshoni ya mabasi a kwathu m'tauni. Kunali chipwirikiti cha masiku onse, mabelo, njinga ndi zidebe zikukwezedwa m'ngolo ya kumbuyo kwa basi. A kutchalitchi anabwera ochepa, naimba nyimbo imodzi. Kondakitala anakangana nafe za chikuku, kenako anachimangirira pamwamba pa katundu. Makwerero a basi anali aatali ndi opapatiza. Achimwene anawerama, abambo aja anawakoleka manja m'khosi, ndipo anakwera nawo pamsana pang'onopang'ono, mwendo wa thalauza wopindidwa uja ukulendewera. Anthu a pamzere anapatuka okha.

Amayi aja analowa kukawakonzera pilo, natuluka nkhope ili youma. Basi itayamba kubwerera m'mbuyo, dalaivala anatulutsa mutu pawindo, natilozera ndi dzanja kuti tichoke kumene tinaima. Tinasuntha. Achimwene anakhala mbali ya kanjira, ndiye sindinawaonenso.

Tinatsala awiri, ine ndi amayi aja. Takisi zathu zinali kumalo osiyana, koma msewu wopitako unali umodzi, choncho tinayenda limodzi. Pakona pamene tinkasiyanira anaima, nasintha chikwama kuchoka paphewa lina kupita lina.

"Achimwene anu akakaimba foni kuti afika, mundiuze," anatero. "Awo kwawoko netiweki imavuta."

Ndinati ndiwauza. Iwo anawoloka kupita ku takisi za ku Soshanguve, ine ndinakhota kulowera ku Capital Park, kukachotsa katundu m'kachipinda kaja mwini nyumba asanabwere.